MZINDA WA OPET NDI DZALA LA KU MANKHAMBA

Buku limene ndikufuna kulisanthula pano si latsopano, ndipo ndikhulupirira kuti ambiri a inu munaliwerengapo, ngakhale kuti ena simungavomere pamaso pa aphunzitsi athu. Bukuli ndi The Sunbird, lolembedwa ndi Wilbur Smith, limene linatuluka m'chaka cha 1972. Ine ndinaliwerenga koyamba ndili Fomu 3. Linali lopanda chikuto, masamba oyambirira atathothoka, ndipo linkayenda bedi ndi bedi m'nyumba yathu yogona, munthu aliyense akupatsidwa masiku awiri okha. Ndinalitsiriza usiku ndi tochi yobwereka, nditafunda bulangete kumutu. Sindibisa, ndinalikonda kwambiri. Mwezi wathawu ndinalipezanso pa mulu wa mabuku akale amene anyamata amayala m'mbali mwa msewu, ndinaligula ndi kuliwerenga kachiwiri. Ulendo uno ndinalitseka ndili ndi manyazi, ndipo manyaziwo ndiwo andigwiritsa cholembera.

Wina afunsa kuti bwalo la alembi ngati lathuli litayirenji nthawi pa buku lowerenga podikira basi. Yankho langa nlakuti mabuku otere amafika kumene mabuku a akatswiri safika. Munthu amene sanatsegulepo buku la mbiri ya Great Zimbabwe angathe kukhala atawerenga Smith kawiri. Komanso masiku ano chikondi cha zinthu zakale chakula pakati pathu. Misonkhano yathu yadzaza ndi ndakatulo za Kalonga, za Kaphirintiwa ndi za Mbona, ndipo pa Facebook pakuyenda zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zoonetsa ufumu wa Maravi uli ndi nyumba zosanja zamiyala. Tsono ndi bwino tidzifunse kuti chikondi chimenechi chikumwa madzi a chitsime chiti.

Nkhani ya m'bukuli ili pawiri. Gawo loyamba likuchitika m'masiku a mlembi mwini. Dr. Benjamin Kazin, katswiri wofukula zakale, munthu wa linunda pamsana koma wanzeru ndi wamphamvu, aonetsedwa ndi bwenzi lake lolemera, Louren Sturvesant, chithunzi chojambulidwa kuchokera m'ndege. Pachithunzipo pakuoneka ngati mizere ya malinga a mzinda wotayika, ku tchire la ku Botswana. Kazin wakhala akukhulupirira kwa zaka zambiri kuti kale-kale kunabwera anthu oyera khungu ochokera ku nyanja ya Mediterranean nadzamanga ufumu kummwera kwa Africa, ndipo akatswiri anzake akhala akumuseka. Apita kukafukula pamodzi ndi Sally, mkazi womuthandiza pa ntchito. Poyamba sapeza kanthu. Kenaka apeza phanga lobisika lokhala ndi dziwe, ndi chithunzi cha mfumu yoyera chojambulidwa pathanthwe ndi anthu a mtundu wa San. Pambuyo pake apeza mipukutu yolembedwa, chuma ndi manda a mafumu. Mzindawo dzina lake ndi Opet, ndipo oumanga anali anthu othawa ku Carthage, mzinda wa Afoinike umene Aroma anauwononga m'chaka cha 146 Yesu asanabadwe.

Gawo lachiwiri litibweza m'mbuyo kukaona masiku otsiriza a Opet. Anthu a m'gawo loyamba tiwapezanso kumeneko ali ndi maina ena. Kazin ndiye Huy Ben-Amon, wansembe wa linunda wodziwa nkhwangwa yankhondo ndi nyimbo zomwe. Louren ndiye mfumu Lannon Hycanus. Sally ndiye mlosi wamkazi Tanith. Ndipo Timothy Mageba, munthu wakuda wophunzira amene Kazin anamudalira pa ntchito ya zilankhulo koma anasanduka mtsogoleri wa zigawenga, tikumana nayenso ali Manatassi, mfumu imene inagwidwa ukapolo, nithawa, nisonkhanitsa mitundu ya anthu akuda ndi kudzafafaniza mzindawo mpaka malo ake anaiwalika.

Ndiyambe ndi kuyamika, pakuti wosanthula wosadziwa kuyamika sayenera kumumvera podzudzula. Smith amadziwa kugwira wowerenga. Luso lake lalikulu lili pa zinthu zogwirika. Iye sangokuuza kuti mzinda unali wolemera. Amakugwiritsa nkhwangwa kuti umve kulemera kwake, amakupumitsa fumbi la m'phanga, amakuonetsa thukuta la akapolo m'migodi ya golide. Sanabisenso nkhanza za Opet. Ukapolo ulimo, nsembe za anthu zilimo, ndipo Manatassi ali nacho chifukwa chokwiyira. Munthu wa linunda uja, wokonda mkazi amene mtima wake uli kwa bwenzi lake lomwe, ndi mpangankhani wamoyo, ndipo wowerenga amamumvera chisoni. Ambiri a ife amene timalemba nkhani zazifupi sitinafike pa luso limeneli.

Mzinda wa Opet kulibe, ndipo sunakhaleko. Zimenezo pazokha si mlandu, chifukwa nthano ili nawo ufulu wopeka mizinda. Vuto nlakuti Opet anapekedwa kuti akhale mboni pa mlandu weniweni, umene unali utagamulidwa zaka zoposa 60 Smith asanalembe buku lake. Mlanduwo ndi wa Great Zimbabwe, ndipo kuti timvetse zimene bukuli likuchita tiyenera kuukumbutsana mwachidule.

Great Zimbabwe ali pafupi ndi mzinda wa Masvingo. Ndi mabwinja a malinga amiyala yosanjidwa popanda dothi lomatira. Linga lalikulu ndi lozungulira mamita pafupifupi 250, ndipo malo ena msinkhu wake ndi mamita 11. Anamanga ndi kukhalamo ndi makolo a Ashona, makamaka kuyambira zaka za m'ma 1100 mpaka za m'ma 1400. M'nthaka yake munapezeka mapale a miphika ya komweko, makasu, golide, mkuwa, mikanda yagalasi, zidutswa za mbale za ku China ndi ku Persia, ndalama ya ku Kilwa, ndi mbalame 8 zosemedwa pamwala, zimene chithunzi chake chili pa mbendera ya dzikolo.

M'chaka cha 1871 Mjeremani wina, Karl Mauch, anafika pamalopo. Anabenthula kachidutswa ka mtengo wa pamwamba pa khomo, nakanunkhiza, naona kuti kakufanana ndi mtengo wa pensulo yake. Poti pensuloyo inali ya mkungudza, iye anati mtengowo unachokera ku Lebanon, ndipo kotero nyumbayo inali ya mfumu yaikazi ya ku Sheba. M'chaka cha 1885 Rider Haggard anatulutsa King Solomon's Mines, ndipo anthu a ku Ulaya anagwidwa ndi malungo a mizinda yotayika. M'chaka cha 1891 Theodore Bent, mothandizidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes, anafukula pamalopo nanena kuti omanga anali Afoinike kapena Aarabu. M'chaka cha 1895 kunakhazikitsidwa kampani yotchedwa Rhodesia Ancient Ruins, imene ntchito yake inali kukumba mabwinja ena a m'dzikomo kufunafuna golide. Ndipo kuyambira 1902 mpaka 1904 Richard Hall, mtolankhani amene anapatsidwa udindo wosamala Great Zimbabwe, anakokolola dothi la m'malinga, malo ena kuya kopitirira mita, nalitaya kunja. Iye ankati ndi zinyalala za anthu akuda zimene zikuphimba ntchito ya anthu akale aja. Zimene anatayazo ndizo zinali mbiri ya mzindawo.

Mfundo imene ndikufuna tiigwire apa ndi iyi: anthu onsewa ankakonda zakale, ena a iwo ndi mtima wonse. Sanali odana ndi mabwinja. Koma aliyense anafika ali nalo kale yankho m'thumba, ndipo nthaka ikanena zosiyana ndi yankholo, iye ankaitaya ndi fosholo.

M'chaka cha 1905 David Randall-MacIver, amene anaphunzira ntchito yofukula ku Egypt, anachita zimene anzake sanachite. Anakumba mwadongosolo, akulemba chimene wapeza pa muyalo uliwonse wa dothi. Nzeru yake ndi imene mayi aliyense wokhala ndi dzala kuseri kwa nyumba amaidziwa, yakuti zimene munataya chaka chatha zili pansi pa zimene mwataya dzulo. Pansi penipeni, pamene panayenera kukhala katundu wa Afoinike, iye anapeza mapale ndi zipangizo za anthu a mu Africa, ndipo katundu wochokera kunja anali wa zaka mazana ochepa m'mbuyomo, osati wa nthawi ya Solomoni. M'chaka cha 1929 Gertrude Caton-Thompson anafukulanso napeza zomwezo. Njira yoyezera zaka za makala ndi mitengo itabwera m'zaka za m'ma 1950, khomo la Afoinike linatsekedweratu.

Koma amene anatenga dziko ndi mfuti sanafune kumva zimenezi. Ngati anthu oyera anakhalamo kale, ndiye kuti a Rhodes anangobwerera kwao. Boma la Ian Smith, limene linadzitengera ufulu m'chaka cha 1965, linakakamiza ogwira ntchito yosamala mabwinja kuti m'timabuku ta alendo asalembe motsimikiza kuti omanga anali anthu akuda. Peter Garlake, amene anali woyang'anira mabwinja a dzikolo, anakana, ndipo m'chaka cha 1970 anasiya ntchito natuluka m'dzikomo. Patangopita zaka ziwiri The Sunbird linatuluka. M'mwezi wa December chaka chomwecho cha 1972 nkhondo ya ufulu inakula kumpoto chakummawa kwa Rhodesia. Buku ili linabadwa m'nyengo imeneyo, ndipo tikaliwerenga tikudziwa zimenezi njira zake zinayi zimaonekera poyera.

Njira yoyamba ndi ya kusamutsa mlandu. Ku Great Zimbabwe nthaka inali italankhula kale, choncho mlembi asamutsira mzinda wake ku tchire kumene palibe angapite kukatsimikiza. Kenaka apanga kuti Manatassi afafanize mzindawo. Tsono ukafunsa kuti umboni wa Afoinike uli kuti, buku liyankha kuti anthu akuda anauwononga. Kusowa kwa umboni kwasanduka umboni. Maganizo otere sangagonje pa mtsutso uliwonse, ndipo chifukwa chake ndi opanda pake.

Njira yachiwiri ndi ya kusinthanitsa wozunza ndi wozunzidwa. M'bukumu Kazin ndiye wosungulumwa, wosekedwa, womenyera choonadi, pamene akatswiri onena kuti mabwinja ndi a anthu akuda akuoneka ngati gulu la odzikuza. Wowerenga aliyense amakhala mbali ya wosekedwa, makamaka akakhala wolumala. Koma kunja kwa bukuli amene anachoka pa ntchito ndi m'dziko anali Garlake, ndipo maganizo a Kazin ndiwo anali ndi boma ndi apolisi kumbuyo kwake.

Njira yachitatu ndi ya kalilole. Pofananiza Mageba ndi Manatassi, mlembi akuuza wowerenga wake wa ku Salisbury ndi ku Johannesburg kuti zimene zinagwera Opet zidzagweranso iye, ndipo wodzazibweretsa ndi munthu wakuda yemwe uja anamuphunzitsa ndi kumukhulupirira. Womenyera ufulu wa 1972 wapatsidwa nkhope ya wowononga mizinda. M'masamba onsewa simupeza munthu wakuda amene amanga kanthu kokhalitsa. Ine, mwana wakuda wa Fomu 3, ndinalira pamene Opet anagwa. Apa ndi pamene luso la Smith liyenera kutiopsa.

Njira yachinayi ndi ya mboni yobwereka. Anthu a mtundu wa San alimo m'bukuli, ndipo mlembi akuoneka kuti akuwakonda, koma ntchito yaikulu ya zojambula zao ndi kuchitira umboni mfumu yoyera. Izinso si zatsopano. Ku phiri la Brandberg ku Namibia kuli chithunzi cha pathanthwe chimene wansembe wa ku France, Henri Breuil, anachitcha mkazi woyera nati nchochokera ku Mediterranean, nalembapo buku m'chaka cha 1955. Akatswiri a pambuyo pake anaona kuti chithunzicho ndi cha mwamuna wa komweko, wodzipaka zoyera pa mwambo. Ojambula aja ankanena za moyo wao, koma alendo anamva za iwo eni.

Ndikanalekera pano, anzanga, nonse mukanaomba m'manja, chifukwa kudzudzula mlembi wa nthawi ya atsamunda amene anamwalira m'chaka cha 2021 sikufuna kulimba mtima. Koma manyazi ndinanena aja sanachokere kwa Smith. Chaka chatha ndinawerenga m'bwalo lino ndakatulo yanga yotamanda Kalonga. Munali malinga amiyala, mpando wagolide, zipata zachitsulo ndi asilikali osawerengeka. Munaikonda, ndipo ine ndinagona mokondwa. Powerenganso The Sunbird ndinazindikira kumene ndinatenga malinga aja. Ndinawatenga ku Opet. Chimene ndinachita ndi kungodetsa khungu la mfumu. Muyeso wa ukulu unali womwe uja wa Mauch, Bent ndi Smith, wakuti mtundu wa anthu umayesedwa ndi miyala, golide ndi mafumu. Iwo anati, mulibe zimenezi, choncho simuli kanthu. Ine ndinayankha kuti tinali nazo, ndipo poyankha chotero ndinavomera muyeso wao. Ngakhale Wakanda wa m'kanema wa Black Panther wa 2018, amene tinamusangalalira tonse, ndi mzinda wotayika womwe uja atautembenuza ngati malaya.

Nanga nthaka yathu ikuti chiyani? Mbiri zapakamwa, monga zimene a Samuel Josia Ntara anasonkhanitsa m'buku lao la Mbiri ya Achewa, zimatchula Mankhamba ngati malo aakulu a ufumu wa Kalonga. Malowa ali ku Mtakataka m'boma la Dedza. Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula kumeneko, ndipo zimene anapeza anazilongosola m'buku lao lotchedwa Archaeology and Oral Tradition in Malawi, limene linatuluka m'chaka cha 2020. Sanapeze linga lamiyala kapena mpando wagolide. Anthu a ku Mankhamba ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, zinthu zimene chiswe ndi mvula zimabweza kunthaka. Chimene chinatsala ndi dzala, ndipo dzalalo linalankhula. Munali mapale ambirimbiri a miphika yokongoletsedwa, zipangizo zachitsulo, zinthu zamkuwa, makoza ndi zidutswa za minyanga ya njovu, mafupa a nyama zoweta ndi zakutchire, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja ya Indian, ndi zidutswa za mbale za ku China za m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600.

Taganizani za kachidutswa ka mbale kameneko. Kanaumbidwa ndi kuwotchedwa ku China, kanawoloka nyanja m'chombo, kanatsika pa gombe la kummawa kwa Africa, kenaka kanayenda pamutu pa munthu masabata ambiri mpaka kufika m'mbali mwa nyanja yathu. Wina anadyerapo kapena anangoisunga poti inali yachilendo, ndipo tsiku lina inasweka. Anaiswa ndani, ndipo anamuchita chiyani? Mmenemo muli nkhani yoposa ndakatulo yanga yonse, ndipo ndi yoona. Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anayenda pansi kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa m'chaka cha 1616, nadutsa m'dziko la mfumu Muzura ya Amaravi. Njira zimene iye anayendamo zinali zopondedwa kale ndi amalonda a kuno. Makolo athu sanali m'mbali mwa dziko lapansi kudikira kuti wina adzawapeze. Umboni wake ndi mkanda ndi phale, ndipo safuna kuwonjezera golide.

Komabe nthaka siinena zotikomera zokha, ndipo apa ndi pamene tidzayesedwe ngati tili osiyana ndi Hall ndi fosholo yake. Mikanda ija siinabwere yaulere. Inagulidwa ndi minyanga, makasu ndi nsalu za machila, ndipo m'zaka zotsatira njira zomwezo zinadutsa anthu omangidwa m'magoli, ena ogulitsidwa ndi mafumu ao omwe. Ndakatulo zathu zotamanda zimadumpha pamenepa ngati munthu wodumpha matope.

Chachikulu kuposa icho ndi nkhani ya Akafula. Ambiri a ife tinamva kwa agogo za Amwandionerapati, anthu aafupi amene ukakumana nao ankafunsa kuti unawaonera pati, ndipo wochenjera ankayankha kuti anawaonera kutali. Tinkaseka. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula za pathanthwe, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Zojambula zoyera ndi za Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Koma zofiira, zimene ndi zakale kuposa zoyerazo, akatswiri amati ndi za alenje ndi otola zakutchire aja, Akafula kapena Abatwa. Alimi oyamba odziwa chitsulo, amene mapale ao Keith Robinson anafukula ku Nkope m'boma la Mangochi, anafika kuno zaka pafupifupi 1,700 zapitazo, ndipo anapeza alenjewa alipo kale. Amaravi anadza pambuyo pa alimi amenewo. M'chaka cha 2017 akatswiri anatulutsa zotsatira za kuyeza DNA ya mafupa ofukulidwa ku Hora, ku Fingira ndi ku Chencherere, a anthu amene anakhala ndi moyo pakati pa zaka 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Anapeza kuti anthuwo anali pachibale ndi a San a kummwera ndi Ahadza a ku Tanzania, ndi kuti mwa Achewa, Atumbuka, Ayao ndi Angoni amene anayezedwa, magazi a alenje amenewa pafupifupi mulibe.

Tanthauzo lake nlowawa. Panali mtundu wa anthu umene unakhala m'dziko lino zaka zikwi zambiri, ndipo unatha osasiya ngakhale adzukulu pakati pathu. Chimene tinawasungira ndi nthabwala ya msinkhu wao. Ndipo ndamvapo m'bwalo lino ndakatulo zonena kuti zojambula zonse za ku Chongoni ndi zala za makolo athu, ngati kuti Achewa anamera pansi pa mapiri amenewo. Kodi pamenepo tasiyana pati ndi Breuil, amene anayang'ana chojambula cha munthu wina naonamo nkhope ya kwao? Ife amene timakwiya kuti ena anatilanda Great Zimbabwe, tisamale kuti tisalande Akafula mapanga ao.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati ndakatulo si lipoti la ofukula, ndipo mtundu umene unanyozedwa uli nako kuyenera kodzitamanda. Ndivomera zonse ziwiri. Chikondi cha zakale chinagwira ntchito yaikulu. Dziko lino linatenga dzina lake kwa Amaravi m'chaka cha 1964, ndipo Zimbabwe linatenga lake ku mabwinja aja m'chaka cha 1980. Anthu amene amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia mwezi wa August pa mwambo wa Kulamba sapita kukalemba mayeso a mbiri, ndipo palibe angawadzudzule. Koma ife tadzitcha alembi, ndipo mlembi ali ndi udindo wina. Pamene nthaka ili chete, apeke monga afunira, pakuti phale silinena dzina la amene analiumba, ndipo mafupa sanena zimene mlenje wotsiriza anaganiza poona utsi wa minda ukuyandikira phanga lake. Malo opekera ndi aakulu. Koma pamene nthaka yalankhula, mlembi alibe ufulu woitseka pakamwa chifukwa chakuti zimene yanena sizikukometsa ndime yake. Akatero ndiye kuti akuchita zomwe anachita Smith, ngakhale atakhala mbali yathu.

Chigamulo changa pa The Sunbird nchakuti ndi buku lolembedwa mwaluso pofuna kuteteza bodza, ndipo luso lakelo ndilo limalichititsa kukhala loopsa. Sindinena kuti tilitaye. Tiliwerenge, ndipo tibe kwa iye chimene anachidziwa, chakuti wowerenga amakhulupirira chinthu chimene angachigwire. Smith anapereka kulemera, fungo ndi fumbi kwa mzinda umene kunalibe. Ife tili ndi midzi imene inalipodi, koma timailemba ndi mawu a nkhungu monga ulemerero, ukulu ndi mizimu ya makolo, mawu amene angakwanire pa ufumu uliwonse wa pansi pano. Mwa ndakatulo zonse za Maravi zimene ndamva chaka chino, yanga ili m'gulu lomwelo, simunali mphika, ng'anjo kapena mkanda ngakhale umodzi.

Choncho ndikupempha bwalo lino chinthu chimodzi chotheka. Pa tchuthi chikudzachi, amene kwao ndi ku Dedza akwere ku Chencherere kapena ku Mphunzi akaone zofiira ndi zoyera ndi maso ao. A ku Blantyre akalowe m'nyumba yosungiramo zakale ku Chichiri, a kumpoto akalowe ya ku Karonga. Amene sangathe kupita kutali akayende pa bwinja la mudzi wa agogo ao mvula itangogwa, pakuti mapale amaonekera okha, koma akawasiye pomwepo, asakakumbe, chifukwa tamva zimene anachita Hall. Kenaka aliyense adzabwere ndi nkhani kapena ndakatulo ya chinthu chimodzi chimene anachiona. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo pa nkhani ya makolo athu takhala akandimverere nthawi yaitali.

Ndakatulo yanga ya Kalonga ija ndaichotsa m'gulu la zimene ndimafuna kudzasindikiza. M'malo mwake ndayamba ina, ya mtsikana wa ku Mankhamba amene anaswa mbale ya ku China akutsuka kumadzi. Ikatha ndidzaibweretsa kuti muidzudzule.